Tamanda, Iwe Amene Unkasambitsa Felesiya

Mkanda, Mchinji
Lachitatu masana

Tamanda mwana wanga,

Ndakhala pakhonde ndi kope lako lakale la Fomu 2, lija linatsala ndi masamba kumapeto. Iwe wapita kukatsanzikana ndi anzako a gulu losamalira odwala, ndipo ndikudziwa kuti sakumasula msanga. Nthawi ndili nayo, koma poyambira ndi pamene pakundisowa. Chiyambire Lamulungu aliyense akungonena kuti, "Amake Tamanda, mumulangize mwanayo asanapite kusukulu ya unamwino." Ine ndimavomera. Koma ndikakhala pansi kuti ndiganize malangizowo, ndikupeza kuti zimene ndinakulangiza m'zaka ziwiri zapitazi zinali zokhota, ndipo zimene ndinakuletsa ndi zimene zakufikitsa pamene ulipa. Ndiye munthu ngati ine ndikuuze chiyani? Ndingokuuza mmene ndinalakwira. Iwe uli ndi mutu, usankhamo wekha zofunika. Pakamwa sindingathe, ukudziwa kuti ine ndikafuna kulira ndimayamba kukalipa. Kalatayi ndiyika m'chikwama kunsi kwa bulangeti, ukaiwerenge utafika.

Ndiyambe ndi nkhani imene sindinakuuzepo. Ine amako ndinatsala pang'ono kukhala mzamba. Ndili mtsikana kwathu ku Kapondo, wocheperapo pa msinkhu wakowu, kunali azamba ena achikulire, a Nankhoma, amene ankafuna mtsikana wodziwa kuwerenga woti aziwatsata pantchito. Aphunzitsi anatchula dzina langa. Ndinawatsata masabata awiri. Ndinkawiritsa malumo, kuchapa nsalu, kulemba mayina a amayi m'kope, ndipo ndinkayenda modzimva m'mudzi monse. Tsiku lina m'mawa anthu anabwera ndi mayi wina woyembekezera pangolo. Mwana anabadwa bwinobwino, koma magazi sanasiye. A Nankhoma anati, "Gwira beseni ili, usasunthe." Ndinagwira. Nditaona mmene likudzadzira, ndinalisiya pansi n'kutuluka, ndipo ndinathamanga kudutsa m'chimanga cha eni mpaka kunyumba. Mawa lake ndinanama kuti amayi akundifuna kumunda. Patapita masiku atatu a Nankhoma anabwera okha wapansi, ndi miyendo yawo yotupa ija. Ine ndinabisala kuseri kwa nkhokwe. Anadziwa kuti ndili pomwepo, chifukwa analankhula mokweza akuyang'ana nkhokweyo. Anati, "Mwana iwe, ine tsiku langa loyamba ndinasanza pamaso pa odwala. Kuthawa si mlandu. Ubwere mawa." Sindinapite. Manyazi anandikulira kuposa mantha aja. Mayi uja anachira, ndinadzamuona kumsika atabereka mwana wake, ndipo ndinamuzemba ngati ndinamubera kanthu.

Ndiye ukumbukire, Tamanda. Kumeneko udzaona zinthu zoti miyendo idzafuna kukutulutsa panja. Ukatuluka, tuluka, kapume mpweya. Koma mawa lake ubwerere, ngakhale anzako akuseke. Apa ndikulankhula motsimikiza. Komabe ndikamaganiza bwino mutu umandizungulira, chifukwa ndikanabwerera kwa a Nankhoma sindikanakwatiwa chaka chotsatira, sindikanabwera ku Mkanda kuno, ndipo iwe sukanabadwa. Ndiye ndinalakwa kapena sindinalakwe? Funso limeneli ndalitembenuza zaka zambiri, silikuyankhika.

Kulakwa kwachiwiri n'kwa kuboda, ndipo kumeneku ndinakulakwira iweyo. Utangomaliza mayeso a Fomu 4 ndine ndinapita kwa alongo anga, amalume ako a Layitoni, kukawapempha kuti uziwatsata pantchito yawo. Ndinkaona kakontena kawo kaja kamene amakonzeramo mapepala a katundu wa mathiraki, ndinkaona nsapato zawo ndi foni ya m'manja imene panthawiyo anali nayo okha pamtundu wathu wonse, ndiye ndinati mwana wanga akaphunzire zimenezi. Unapita mokondwa. Sabata yoyamba unatumiza uthenga woti wadziwa kale kudzaza mafomu atatu, ndipo ukutha kumva Chinyanja cha madalaivala a ku Chipata. Ine ndinauza mpingo wonse. Sabata yachitatu, Lachisanu, ndinangoona watulukira pa njinga ya kabaza ndi chikwama chako. Unati, "Amayi, sindibwererako." Ndinafunsa kuti wadwala, unati ayi. Basi, sindinafunsenso china. Ndinayamba kulalata. Ndinakunena kuti ndiwe waulesi, wonyada, kuti sukulu yakuwononga mutu, kuti wandichititsa manyazi kwa alongo anga. Iwe unangotenga tsache n'kuyamba kusesa pabwalo pamene panali posesa kale.

Zoona zake unadzandiuza patapita miyezi inayi, tikuswa mtedza pamphasa, ndipo unazinena ngati ukunena za munthu wina. Unati amalume ako anakuchotsa patebulo la mapepala n'kukuikira mpando panja pa kontena. Anakugulira buluku lothina n'kukuuza kuti chitenje uzisiya kunyumba, ndipo madalaivala akamatsika uziwamwetulira kuti mapepala azibwera nawo kwa iwo, osati kwa anzawo a kontena yoyandikana. Unati dalaivala wina anakugwira mkono osafuna kuusiya, n'kunena kuti akambirana kale ndi abwana. Utawauza amalume ako, anaseka. Anati, "Ndi bizinesi imeneyi, mwana wa mlongo wanga. Wakudya ngati?" Ine nditamva ndinangopitiriza kuswa mtedza, mpaka ndinazindikira kuti ndikutaya mtedza ndi kusunga makoko. Sindinakupepese tsiku limenelo. Ndikukupepesa lero. Pepa, mwana wanga.

Pamenepa ukumbukire zinthu ziwiri. Munthu akabwera kwa iwe ali chete, mufunse kawiri, katatu, usanamuweruze. Odwala ako ambiri adzabwera ali chete. Chachiwiri, amene akukuphunzitsa ntchito uziyang'ana manja ake kuti uphunzire, koma uziyang'ananso chimene akufuna kwa iwe. Akakhala dokotala, akakhala mphunzitsi, akakhala m'busa, ngati wakuikira mpando pamalo pamene mtima wako ukukana, nyamuka ngati mmene unanyamukira kuboda. Usadikire chilolezo cha munthu, ngakhale changa. Koma usandifunse kuti amalume ako ndi munthu wotani, chifukwa sindikudziwa. Ndi omwewo amene anafolera nyumba ino denga litasasuka, ndi omwewo amene ananyamula bokosi la abambo ako. Ndimawapatsabe moni, amandiyankha, nkhaniyi sitinaikambepo. Mwina kumeneku ndi kulakwa kwinanso kumene ndikuchita panopa ndikulemba.

Tsopano za gulu lija. Unali utakhala pakhomo mwezi umodzi pamene amayi Zulu, anamwino a pachipatala chathu chaching'onochi, anaimirira m'tchalitchi n'kunena kuti akufuna achinyamata odzipereka oti aziyendera odwala m'makomo. Ananeneratu kuti palibe malipiro. Ndinaona iwe ukukweza dzanja, ndipo ndinakutsina pantchafu, koma dzanja silinatsike. Pobwerera ndinakufunsa kuti, "Wakana ntchito yeniyeni kuboda kuti uzikachapa matewera a anthu akuluakulu kwaulere?" Unati, "Ndikungofuna ndikaone, amayi." Anakupatsa kachikwama ka magolovesi ndi sopo, ndipo unayamba kuyenda pa njinga ya abambo ako ija, Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu. Lachiwiri ndi Lachinayi unkapita kuchipatala kukatsata amayi Zulu, kukweza ana pasikelo, kulemba makhadi, kuona mmene amabayira jakisoni. Unkabwera ndi nkhani zambiri, koma ine sindinkafuna kumva. Tonse tinkadziwa matenda amene anagoneka anthu ambiri m'makomo muja, ngakhale pamaliro tinkangoti anadwala nthawi yaitali.

Chimene ndinachita ukuchidziwa. Ndinatenga mbale imodzi ndi kapu imodzi, ndinazipaka penti yofiira kunsi, n'kunena kuti zimenezi ndi zako. Ndinakulamula kuti ukabwera kwa odwala uziyamba wasamba kuseri usanalowe m'nyumba. Unayesa kundifotokozera kuti matendawa sayenda m'mbale, ine ndinati, "Nyumba ino ndi yanga." Unadyera m'mbale imeneyo miyezi isanu osadandaula. Tsiku lina amayi Zulu anadutsa pano pochokera kokaona wodwala, dzuwa litawapsereza, n'kupempha madzi. Ine ndinali m'khitchini. Potuluka ndinapeza wawapatsa madzi m'kapu yako ija. Anamwa onse, anatembenuza kapu, anaona penti, n'kundiyang'ana. Anangoti, "Amake Tamanda, mwana wanuyu ali ndi manja abwino. Agogo ena a kuseri kwa dambo amakana kudya akapanda kubwera iyeyu." Madzulo ake ndinasakaniza mbale ija ndi zinzake. Iwe unaona, sunanene kanthu, ine sindinanene kanthu. Pakhomo pano timatero, ndipo sindikudziwa ngati ndi ulemu kapena ndi matenda athu a pamtundu. Kumene ukupitako usakatengere khalidwe limeneli. Ukalakwira mnzako, nena ndi pakamwa.

Nkhani ya Felesiya ndakhala ndikuizungulira, koma ndiyenera kuilemba. Unali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene abambo ako anayamba kusintha ndalama kuboda, nthawi ija matipate atangoyamba, aliyense akuthamangira geni. Poyamba ankabwera Loweruka lililonse, kenako kamodzi pamwezi, kenako tinangomva kuti akukhala ndi mkazi wina wogulitsa zakudya kwa madalaivala. Mkaziyo ndiye Felesiya. Patapita zaka zitatu abambo ako anabwerera kuno atatha thupi, ndipo ndinawasamala ine mpaka anamwalira. Pamaliro Felesiya anabwera, anaima patali pamsewu. Ndinatuma anthu kuti akamubweze. Ndinati akaponda pabwalo pano ine ndichoka, maliro aikidwe popanda ine. Anabwerera. Kuyambira pamenepo sindinamvenso za iye, ndipo sindinafune kumva.

Ndinadzamva pamjigo. Mayi wina, akupopa madzi, anati, "Koma mwana wanu ndi wamtima wabwino. Mpaka kusambitsa mkazi mnzanu!" Ndinafunsa kuti mkazi mnzanga uti. Anandiyang'ana, anaona kuti sindikudziwa, ndiye anayamba kuchita chibwibwi. Ndinamukakamiza mpaka ananena. Felesiya anabwera kudzakhala kwa achibale ake amene anali matenanti pa esiteti ya fodya ija ya kutsidya kwa mtsinje. Achibalewo nyengo itatha anabwerera kwawo ku Phalombe, iye anatsala yekha m'kanyumba kaudzu kumapeto kwa zigafa, osatha kuyenda. Ndowa ndinaisiya pamjigo pomwepo. Linali Lachitatu, ndinadziwa kuti uli komweko. Ndinabwereka njinga kwa aneba n'kupalasa, ndipo njira yonse ndinkakonza mawu. Ndinali nditakonza oti ndikamuuze iye, ndi oti ndikakuuze iwe, ndipo ndinali nditatsimikiza kuti ndikakukoka ndi dzanja mpaka kunyumba.

Ndinakupezani kuseri kwa kanyumbako. Iye anali atakhala pamphasa, msana uli pamtunda, mafupa onse akuwerengeka. Ine ndinkakumbukira mkazi wonenepa wa tsitsi lowotcha amene anaima pamsewu paja, ndiye ndinayamba ndaganiza kuti ndasochera nyumba. Iwe unali utagwada, dzanja limodzi ukumuchirikiza, lina ukumupaka sopo. Unatukula maso, sunadzidzimuke n'komwe. Unati, "Amayi, mwabwera? Tandigwirireni paphewa apa, akugwa. Madziwa akuzizira." Ndipo ine ndinagwira. Mpaka lero sindimvetsa. Mawu onse aja ndinali nawo pakamwa, koma manja anapita okha. Ndinagwira phewa la mkazi amene ananditengera mwamuna, lopepuka ngati la mwana, iwe n'kumamutsira madzi. Titamuveka n'kumugoneka m'nyumba, anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Ndinu amake Tamanda." Ndinati ndine. Ndinkayembekeza kuti apepesa, ndipo ndinali nditakonzeka kukana. Sanapepese. Anafunsa kuti, "Kodi abambo a Tamanda anaikidwa pati? Ndimangofuna kudziwa malo ake." Ine ndinatuluka panja osayankha.

Pobwerera tinkakankha njinga tonse, palibe anakwera. Ndinakufunsa kuti, "Unkadziwa?"

Unati, "Ndinadziwa tsiku loyamba. Chithunzi cha abambo chili m'Baibulo lawo."

"Ndiye bwanji sunakane?"

"Papepala la amayi Zulu panali dzina lawo moyang'anizana ndi langa. Ndikanakana, akanapita ndani? Anzanga onse anali ndi odwala anayi anayi."

Ndinati, "Ndiye kuti iwe sizikukupweteka zimene anatichita?"

Unaima. Unati, "Amayi, sabata yoyamba ndinkawasambitsa ndi madzi ozizira dala. Nkhuni zinalipo, koma sindinkafunditsa. Ankanjenjemera, ine n'kumaona. Tsiku lina nditamaliza anati zikomo mwana wanga, mano akugundana. Ndinapita kuseri kwa chigafa n'kulira. Kuyambira pamenepo ndimafunditsa." Kenako unati, "Sindikudziwa ngati ndawakhululukira. Ndimangofunditsa madzi."

Tamanda, ine ndakhala m'chigwirizano cha amayi zaka makumi awiri, ndaphunzitsa atsikana za chikhululukiro, koma tsiku limenelo ndinangokankha njinga n'kupitiriza ulendo. Ndinakwiya nawe masabata awiri. Ndinkaona ngati wandigulitsa, ngati wasankha mbali ya abambo ako. Nthawi yomweyonso ndinkakunyadira mpaka pachifuwa kupweteka. Zinthu ziwirizi zinkakhala mumtima umodzi, ndipo ngakhale panopa sizinatulukemo. Kenako ndinayamba kukusinjirira mtedza woti uzikathira m'phala lake. Ndinkadziuza kuti ndikungofuna uzimaliza msanga ntchito ubwere kunyumba. Kaya chinali chifukwa chimenecho, kaya china, usandifunse.

Felesiya anamwalira mvula ili pakati, miyezi yochepa mankhwala otalikitsa moyo asanafike kuchipatala chathu. Kumaliro kwake tinalipo anthu osakwana makumi awiri, ambiri a gulu lanu, ndipo ine ndinaphika nawo. Koma funso lake lija sindinaliyankhe. Ndinapitako kawiri konse iye ali moyo, ndipo kawiri konse ndinkati ndimuuza ulendo wotsatira. Anali mawu ochepa chabe: kumanda a kwa apongozi, pafupi ndi mtengo wa mkuyu, mzere wachiwiri. Akanandichotsera chiyani? Ukumbukire, mwana wanga, wodwala akakufunsa chinthu chimene ukuchidziwa, muyankhe tsiku lomwelo. Usanene kuti ubwera mawa. Iwe udzabweradi mawa, koma bedi udzalipeza atayalapo nsalu zina.

Yatsala nkhani imodzi, ndipo imeneyi ndi imene yandichititsa kutenga cholembera. Chimwalirire abambo ako, ine ndakhala ndikudziwa kuti ndili ndi kachilombo. Ndikuti kudziwa, osati kuganiza. Ndinali mkazi wawo, ndinawalandira atabwerera, ndinawasamala ndi manja opanda magolovesi. Chifuwa chilichonse ndinkati chayamba. Kachilonda kalikonse pakamwa ndinkakayang'ana pagalasi katatu patsiku. Sindinauze munthu, ngakhale abusa. N'chifukwa chake ndinakukankhira kuboda. Ndinkafuna uime pawekha msanga ndisanagone pamphasa, ndipo sukulu ya zaka zitatu ndinkaiona ngati nthawi imene ndilibe. Za mbale ija ya penti, ndinkanena kuti ndikudziteteza ku matenda amene ukubwera nawo, koma pansi pamtima mwina ndinkakuteteza iwe kwa ine. Kapena zonse ziwiri. Pamene ndinagwira phewa la Felesiya, ndinkaona msana wanga womwe, ndipo ndinkadzifunsa kuti ine adzandisambitsa ndani, kodi ndi mwana yemweyu?

Iwe unandiuza kangapo kuti ndikayezetse magazi. Ulendo womaliza ndinakukalipira mpaka aneba anatuluka, ndinati ukundilodza ndi pakamwa. Unasiya kunena. Kalata yako ya sukulu itabwera, ndinakumva ukuuza amayi Zulu kuti mwina upemphe kuti uyambe chaka chamawa, chifukwa sukufuna kundisiya ndekha. Ndinazindikira kuti nawenso wakhala ukuwerenga chifuwa changa chilichonse osanena. Ndiye Lolemba la sabata yatha, pamene ndinakuuza kuti ndikupita kuboma kukagula mbewu, ndinanama. Ndinapita kukayezetsa. Sindinapite kuchipatala chathu, ndinkaopa maso a amayi Zulu. Ndinakhala pabenchi nditafunda chitenje kumutu ngati wamaliro. Mtsikana amene anandilandira anali wamkulu pang'ono kwa iwe. Anandifotokozera zambiri, ine sindinamve n'chimodzi chomwe. Anandibaya pachala, tinadikira. Kenako anati, "Amayi, mulibe kachilombo."

Ndinati, "Mwalakwitsa. Yezaninso."

Anaseka pang'ono, koma ataona nkhope yanga anasiya. Anafunsa kuti amuna anga anamwalira liti, ndinamuuza. Anafunsa ngati pakhala mwamuna wina, ndinati mwana iwe undilemekeze. Anandiyezanso kuti mtima wanga ukhale pansi. Anati, "Mulibe, amayi. Zimachitika ndithu, wina kukhala nako wina ayi. Pitani mukakhale ndi moyo."

Ndinatuluka n'kukhala pansi pa mtengo panja pa chipatala, ndipo ndinakhala pamenepo mpaka dzuwa linapendeka. Anthu akamva uthenga ngati umenewu amati amavina. Ine sindinavine. Ndinkangoganiza za zaka zisanu ndi ziwiri. Mitengo ya mango imene unabwera nayo kuchokera kusukulu ndinakana kudzala, ndinati idya malo, koma chifukwa chenicheni chinali chakuti ndinkati sindidzadya zipatso zake. Pamene amayi anzanga ankaumba njerwa ine ndinati zanga zakwana. Chitenje changa chabwino chija cha buluu sindinachivalepo, ndinachisunga kuti mudzandifunditse. Ndakhala zaka zonsezi ngati munthu amene wamanga katundu akudikira basi, ndipo tsopano andiuza kuti basiyo kulibe. Ndine wokondwa, usandimve molakwa. Ndathokoza Mulungu. Koma ndilinso wokwiya, ndipo sindikudziwa kuti ndakwiyira ndani, abambo ako, Felesiya, kapena ine mwini amene ndikanatha kupita pabenchi paja zaka zapitazo mwana wanga atangondiuza. Ndinabwera kunyumba ndi mbewu pang'ono kuti usandikayikire, ndipo sabata yonseyi ndakhala ndikukuyang'ana ukuchapa ndi kusita, osakuuza. Ndinkaopa kuti ndikanena ndilira, nawe ulira, ndiye ulendo wako usanduka maliro.

Malangizo a pamenepa sindikuwadziwa bwino. Mwina ndi akuti chinthu chimene ukuchiopa upite ukachiyang'ane, chifukwa kusachiyang'ana kumadya zaka. Koma iwe zimenezi unazidziwa kale ine ndisanazidziwe. Mwina ndingokupempha kuti ukadzakumana ndi amayi ouma mutu ngati ine, okana kuyezetsa, olalata, usadzawatope. Si kuti ndi opusa. Ena akhala atanyamula imfa yawo m'chitenje zaka zambiri, ndipo sadziwa kuti akaitula manja awo agwira chiyani.

Zina ndi zazing'ono, koma uzimve. Uzidya m'mawa ngakhale phala la kumeneko likhale lamadzi. Magolovesi uzivala nthawi zonse, ngakhale wodwala akhale mwana wokongola bwanji, ndipo ukadzibaya ndi singano unene nthawi yomweyo, usabise. Anamwino akuluakulu ena adzakukalipira pamaso pa anthu. Uzimva zimene akunena, mkwiyo wawo uziwasiyira eni ake. Odwala achikulire uziwaitana ndi ulemu ngakhale adziipitsire, usadzatengere chizolowezi choitana munthu ndi nambala ya bedi. Za anyamata ndikanakuuza zambiri, koma ine ndinasankha ndi maso anga awiri ndipo waona mmene zinathera, ndiye ndingoti usafulumire, ndipo amene adzakufune mudzapite limodzi pabenchi paja musanayambe chilichonse. Nsapato zoyera zija ndi zazikulu pang'ono, uziika pepala kutsogolo. Mtedza wokazinga uli m'chigubu chachikasu, ugawireko amene ugone naye chipinda chimodzi. Uzilemba makalata, ngakhale mizere itatu. Ukadutsa kuboma usakatsike kunyumba kwa amalume ako ngakhale atakuitana, ndiwauza ndekha chifukwa chake. Ndalemba pano kuti ndiwauza, ndiye ukadzabwera udzandifunse ngati ndinawauzadi.

Ndikumva belu la njinga yako kumsewu, ndiye ndilekeze. Sindikudziwa ngati kalatayi ili ndi malangizo kapena ndangokusenzetsa zolakwa zanga. Ukaona kuti yalemera, uiwerenge kamodzi n'kuisunga. Koma chimodzi ichi uchigwire. Usakaphunzire khutu lili kuno. Mthenga akabwera pakhomo la sukulu kudzaitana munthu, mtima wako usamadumphe. Usadzapemphe kuchoka pakati pa teremu chifukwa wamva kuti amako akutsokomola, chidzakhala chimfine wamba cha mwezi wa Juni. Mawa ukangokwera, ine ndipita kukafunsa mbande za mango, ndipo ndidzala zisanu kuseri kwa khitchini.

Pita bwino, Tamanda. Mulungu akutsogolere panjira ndi m'mawodi momwe. Ukadzabwera pa holide udzandipeza. Mawu amenewa sindinawanenepo kwa zaka zisanu ndi ziwiri, ndiye undilole ndiwalembenso kachiwiri: udzandipeza.

Ndine amako,
Nabanda